Nsapato za Orrin Tackaberry

Galimoto inandifera pamsewu wa ku Nebraska.
Makaniko anati gwirani mtima, chitsulo chifika mawa masana.
Tauni yake ndi ya msewu umodzi:
banki, tchalitchi, nkhokwe yaitali ya tirigu,
ndi nyumba yobiriwira yolembedwa pakhomo
kuti Orrin Tackaberry anabadwira muno.

Ndisaname,
ndinalowa chifukwa mphepo inkalasa mpaka m'mafupa.

"Madola atatu," anatero mayi wa padesiki,
dzina lake Verna lili pachifuwa.
Anaika pansi juzi imene ankaluka
nayatsa magetsi chipinda ndi chipinda
ngati akudzutsa ana a sukulu.
"Ndinu woyamba chiyambire Lachiwiri,
ndiye musathamange."

Nayu pakhoma: chipewa chopendekeka,
ndudu yosayatsa pakamwa,
maso aja amene ankaimitsa achifwamba pakhomo la sitima.
Bambo anga analoweza mawu ake onse.
Loweruka usiku, kanema wakuda ndi woyera akayamba,
iwo ankatsogola ndi milomo, Orrin n'kumatsatira,
ife ana tili ziii pansi.
Ankayendanso ngati iye,
phewa limodzi patsogolo, mwendo wamanzere ukukokeka pang'ono,
ngakhale popita kukataya zinyalala.

M'bokosi lagalasi muli lipoti la kusukulu:
masamu analephera, aphunzitsi analemba kuti ngwolongolola.
Lumo lometera ndevu.
Tikiti ya sitima ya ku California, yopita yokha.
Jekete lija la m'filimu ya chigumula,
limene moyo wanga wonse ndinkaliyesa lakuda bii,
kani ndi lofiirira ngati chiwindi,
ndipo njenjete zinalawa kale kolala.

Kenako nsapato.
Ndinawerama. N'zazing'ono kuposa zanga,
ndipo chidendene chakumanzere n'chokhuthala
zala ziwiri kuposa chinzake.

Verna anaona pamene maso anga anaima.
"Poliyo," anatero. "Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Eni mafilimu anabisa,
ankati ndiko kuyenda kwa mwamuna wosaopa kanthu.
Mkulu wake ndiye ankamubereka popita kusukulu,
kuchokera kuseri kwa njanji, m'chipale chofewa chofika m'mawondo.
Mkulu wakeyo anali bambo anga.
Anatsala konkuno, akugulitsa misomali ndi penti mpaka imfa."

Nanga chithunzi chawo chili pati?
Anaseka. "Angalipire ndani madola atatu?"

Nanga iye anabwerako?
"Kamodzi, pamaliro a agogo. Sanagone n'komwe.
Kupatula apo, makadi a Khirisimasi osainidwa ndi mlembi."
Ananena mopanda ukali,
akupukuta galasi ndi mkono wa malaya
pamene mpweya wanga unasiya nthunzi.

Chipinda chomaliza chili ndi mipando isanu ndi itatu
imene anaipulumutsa m'holo ya kanema atagwetsa denga.
Anandiyatsira filimu, iye n'kubwerera ku ulusi wake.
Ndinakhala ndekha ndi fungo la fumbi lotenthedwa.
Orrin anatsika m'sitima, nayamba kuyenda kubwera kwa ine,
ndipo nkhope sindinaiyang'anenso.
Ndinkangoona mwana wotsitsidwa kumsana pakhomo la kalasi,
akuyesa kufika pampando anzake asanacheuke.
Zaka makumi atatu, bambo inu,
mukunyadira kutsimphina kwa mwana wa eni
osadziwa.
Kapena munkadziwa? Inunso simunkanena pamene pakupweteka.

M'buku la alendo ndinalemba dzina lawo, osati langa.
Verna anazimitsa magetsi kumbuyo kwanga, limodzi limodzi.

Kunja kunali kutada, nkhokwe ija ili njo.
Nditadutsa banki ndinadziona pagalasi la sitolo yotsekedwa
imene pakhomo pake pakuonekabe chithunzi cha hamala:
phewa limodzi patsogolo,
mwendo wamanzere ukutsalira.
Ndinafuna kuwongoka.
Ndinangousiya, mpaka kukafika kogona.