Sizasi za Mayi Pruitt

Los Angeles, 1953

Ntchito yanga ndi sizasi ndi guluu.
Amanditumizira filimu yokulungidwa m'chitini
ndi kakalata kochokera ku ofesi ya anthu a mataye:
"Mayi Pruitt, gawo lachinayi, m'sitima muja.
Dzanja lija lichoke."

Dzanjalo silichita zoopsa.
Mzimayi wa chipewa chopendekeka
akukonza kolala ya mnzake,
chala n'kuchedwa pakhosi
masekondi awiri basi. Ndawerenga:
tizithunzi makumi anayi ndi tisanu ndi titatu.
Ndidula. Ndimata.
Tsopano sitima ikangolowa mumdima
yafika kale pa siteshoni
pomwe bambo wometa bwino akudikira ndi maluwa.

Mathero ndimawadziwa asanandiuze.
Wa tsitsi lalifupi uja ayenera kufa,
kaya ndi galimoto, kaya mlatho, kaya botolo la mapiritsi.
Akapulumuka, apenga.
Mnzakeyo amuveka choyera, amuike kukhitchini,
ndipo anthu atuluka muholo
akunyambita mchere wa mbuliuli kuzala,
mitima ili m'malo.

Lamulo limati zodulidwa zipite kumoto.
Ine ndimazipinda m'thumba la siketi.

Kunyumba Odile wavula kale nsapato za kufakitale.
Kwa mwini nyumba iye ndi msuweni wanga.
Mabedi tili nawo awiri;
limodzilo timalivundula dala m'mawa uliwonse
kuti lioneke ngati munagona munthu.

Tikatseka makatani amatulutsa chitini cha mabisiketi.
Zaka zisanu ndi chimodzi zili mmenemo:
ndudu yochoka pamlomo uwu kupita pamlomo uwo,
zipi ya diresi yokokedwa pang'onopang'ono,
maso awiri okumana pagalasi la sitolo,
mayi wina akununkhiza mpango womwe si wake.

Usiku wina Odile anangoti, "Lumikiza."
Ndinalumikiza mpaka tambala wa kwa aneba a ku Mexico analira.
Zinakwana mphindi khumi ndi imodzi.
Makina oonetsera tilibe,
ndiye timaidutsitsa m'zala kutsogolo kwa babu,
mitu itagundana.
Nkhope zimasintha, zipewa zimasintha,
mawu mulibe,
koma palibe amagwa pamlatho.
Odile amafunsa kuti imatha bwanji.
Ndimamuuza kuti mathero onse ndinawasiya kuntchito.

Lolemba, kakalata kena:
"Gawo lachisanu ndi chiwiri. Akuyang'anana nthawi yaitali."
Ndidula, inde, lendi siidikira.
Koma masiku ano dzanja langa limaphonya:
ndimasiya tizithunzi titatu,
kuphethira kwa diso,
kothamanga kwambiri kwa anthu a mataye.

Kwinakwake ku Ohio, pamzere wakumbuyo,
mtsikana wakhala pakati pa mayi ake ndi chibwenzi chomwe anamusankhira.
Iye yekha aona.
Mbuliuli imuthera kukoma mkamwa,
ndipo pobwerera kunyumba, m'basi,
adzigwira pakhosi
osadziwa kuti anam'tumizira ndani.