Walendi wa M'chiwindi

Nkhungu inali isanachoke pamalata a ku Chibavi
pamene Sangwani anandipeza ndikukandira abakha madeya.
Kapepala anali atakapinda kanayi.
Anakapereka magazi mwezi wathawu,
m'malo mwa zikomo am'patsa dzina la nthenda:
kutupa kwa chiwindi, mtundu wa B.

Ndinafunsa funso la mayi aliyense, lija lonunkha:
wakatenga kwa yani?
Iye sanakwiye. Analoza kukhola.

Thadzi langa loyera, lamsana wamatope,
linali tsiku lachisanu ndi chinayi pamazira khumi ndi atatu,
likufwenthera aliyense woyandikira.

Amama, anatero, m'buku lathu ku Luwinga
muli abakha onga awa.
Nawo ali n'kachilombo kawo, msuweni wa kangaka;
sikalumphira kwa munthu, musataye poto.
Koma njira yake imveni.
Make akakhala nako, kamatsikira m'dzira
chigoba chisanaume n'komwe.
Kamwana kasanakhale ndi mlomo, kasanaone dambo,
kachiwindi kake kakangoyamba kufiira,
mlendo wafika kale pakhomo.

Ali ndi kiyi wa nyumba imodzi yokha.
Amayandama m'magazi kufuna loko womuyenera,
akapeza khomo la chiwindi, kwee, walowa.
Avula jekete pabalaza,
apita kuchipinda chamkati kosungira makalata a mwini nyumba,
nadzipinda pomwepo ngati nkhata
yopanda mutu, yopanda mchira woti n'kukokera.
Kenaka ayamba kutumiza kalata yake ku fotokope,
inki ya mwini nyumba, magetsi a mwini nyumba,
masauzande tsiku lililonse,
lendi osalipira.

Ndinati, nanga bwanji safa anapiyewo?

Anati, thupi likakumana naye lisanadziwe kuwerenga abale
limamuyesa wakwawo.
Bakha wamkulu akam'tenga, kawirikawiri amam'pirikitsa.
Wobadwa naye amakula naye,
kudya, kusamba m'ngalande, kuikira,
osatsokomola ngakhale kamodzi.

Anasiyira pomwepo, mwana wolemekeza.
Zotsalazo ndinamaliza ndekha
madeya akuuma m'zala.

Ndinakumbukira mchimwene wanga Zondwayo,
telala wa pakhonde la sitolo ku Katoto,
maso ake atasanduka mapapaya,
mimba ngati ng'oma pathupi la bango.
Tinati mowa, chikhalirecho ankangomwa tiyi.
Tinati am'ponda, ndipo mlamu wina
mpaka lero sitigawana naye mchere.

Lachiwiri ndinakwera kabaza kupita kuchipatala.
Namwino anafuna mtsempha kawiri.
Yankho lake silinandidabwitse,
linangondikhalira pachifuwa ngati thumba la simenti.
Zaka makumi asanu ndi ziwiri ndikusunga munthu m'nyumba
wosam'dziwa nkhope,
ndipo usiku uja wa Julaye, chisanu chikuluma,
pomwe ndinkati ndapatsa mwana wanga moyo wokhawokha,
ndinamuonjezera ndi kaphukusi.

Ndinalira kuseri kwa bafa. Sangwani anamva.
Amama, kodi thadzi lija mungalizenge mlandu?
Limazula nthenga za pachifuwa pake kuyalira mazira.
Lipereka zonse lili nazo,
silisankha.

Iye akuti aziyezetsa chiwindi nthawi ndi nthawi, inenso chimodzimodzi.
Akuti wake akadzabadwa, dzuwa lisanalowe kawiri
adzam'funira katemera, ngakhale kuyenda pansi mpaka kuti,
loko asinthidwe mlendo asanagogode.

Dzulo mazira aswa, khumi ndi limodzi.
Awiri asukusa.
Tachikasu tikutsata make pamzere kunka kuchithaphwi,
mvula yamawawa ili waa pa mitengo ya paini.
Sindidziwa ngati tili naye walendiyo, palibe anatiyeza.
Ndatiwerenga kawiri,
ndathira madzi oyera m'chigubu chodula,
ndipo madzulo ano ndapatula mchere m'kapepala.
Kwa mlamu ku Masasa si kutali.