Dzina la Pachifuwa

Unatsika basi pa Lizulu kudakali nkhungu,
ogulitsa kabichi asanayale,
ine ndikudonthezera mafuta m'makina
pakhonde la golosale ya a Chidzanja.

Unakhuthula chikwama pathebulo:
malaya awiri obiriwira, thalauza,
ndi siketi ya perete yopindidwa kanayi,
fungo la kusitolo lidakalimo.

"Achimwene, mundimasulire apa."
Unaloza timisoko tiwiri ta pachifuwa,
timene telala amapinda
kuti nsalu itsate thupi la mkazi.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyeza anthu a msika uno,
akwati, amvano, ana a sukulu okula msanga,
koma tepi inandipulumuka kawiri.
Pansi pa sikipa yako ndinakhudza bandeji
yomangidwa ngati mtolo wa nkhuni zopita kutali.
"Umapuma bwanji?"
"Ndimapuma. Makilomita khumi, mfuti kumsana,
ndimafika wachitatu."

Unati fomu ya kuntchito ili ndi timabokosi tiwiri.
Wogawa zovala amayang'ana kabokosi,
dzanja n'kupita lokha kushelefu ya kumanzere.
Kutchire palibe amafunsa,
matope amakupakani mtundu umodzi nonse.
Chovuta ndi tsiku la malipenga,
pamene mzere umagawidwa pawiri
ndipo mphepo imakupeza m'miyendo
anthu akuwomba m'manja.
Unalemba kalata kwa akuluakulu.
Anayankha kuti nkhaniyo ikuwonedwa.
Chimanga takolola kawiri, ikuwonedwabe.

Ndinakumbuka uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
utaba kabudula wanga wa kaki pachingwe
n'kuthawira kudambo ndi ng'ombe za amalume,
amayi akukuthamangira, deresi m'manja.
Tinkaseka.
Tinkati zidzatha akadzatha msinkhu.

Kumudzi amakuitana Nangozo.
Pathumba la malaya anasokapo NGOZO basi,
zilembo zisanu,
Na- uja anatsalira panja pa geti.
Unati tsiku limene unaliwerenga pagalasi,
chobwerera m'mbuyo,
ndi pamene unayamba kuima njo
popanda sajeni kukukalipira.

Ine malamulo a kubalaki sindiwadziwa.
Sindidziwanso chimene ndidzawauze amayi
akadzafunsanso za lobola.
Ndimangodziwa kuti chovala chothina
chimayamba kung'ambika pamsoko,
mwini wake atapirira kale nthawi yaitali.

Ndinatenga lezala.
Ulusi wa boma ndi wolimba, unkalira poduka.
Msoko unasiya timabowo mumzere,
ndinawazapo madzi,
ndinasita ndi simbi ya makala
mpaka tina tinatsekeka.
Tina tinakana. Woyang'anitsitsa adzationa.

Unavala pompo, kuseri kwa chitseko cha golosale.
Unatambasula manja, unazunguza mapewa,
unakoka mpweya wonse wa ku Kirk Range.
Sunathokoze. Unangofunsa mtengo.
Ndinati ukagule chingwe cha nsapato.

"Nanga siketiyi?"
"Sungani. Akaifuna ndidzakuimbirani."
Ili m'katoni pansi pa makina,
pamodzi ndi nsalu za anthu
amene sanabwerenso kudzatenga.

Tikudikira basi yobwerera,
mayi wa mbatatesi, Nachisale, anatukula mutu:
"A telala, msilikaliyu ndi ndani wanu?"
Lilime langa linayamba njira yake yakale,
yopondeka, yopita ku "mlongo wanga."
Linaima pakati pa msewu
monga timaimira ife a pano,
phazi lina kwathu, lina ku Mozambiki,
galimoto zikuliza mahutala.

"Ndi mphwanga," ndinatero.

Sunatembenuke.
Unangokonza chipewa chimene chinali chokhala kale bwino,
n'kukwera, chikwama chitapepuka.

Ndinabwerera pakhonde.
Timaulusi tobiriwira tinali titamatirira pabondo langa.
Ndinatisiya pomwepo mpaka madzulo,
ndikusoka yunifolomu ya mwana wa eni ake
amene sindinamufunse kanthu
koma msinkhu.