Akhalepo, Asakhalepo

Asiyatu Mdoka alimo kanayi m'kaundula wa sikelo.
Asiyatu, Asiatu, Asyatu,
ndi wina wa ma s awiri
amene analemba namwino wina ali ndi tulo.
Mwana mmodzi, papepala ana anayi.
Ku boma akuti konzani pofika Lachisanu.

Twaibu wa makompyuta anandiyankha ali pa kabaza,
mphepo ikumulanda mawu pakamwa:
tsegulani zenera lakuda lija, lembani mzere umodzi,
apt akudziwa kokatenga.

Ndinalemba. Anafuna mawu achinsinsi,
ndinamupatsa dzina la mudzi wathu ndi chaka cha ukwati wanga.
Ndinaitana mlendo mmodzi,
pakhomo panaima asanu ndi awiri.
Akuti uyu sayenda popanda uyo,
uyo sagona popanda mlamu wake.
Upitirize?
Ndinawerengera bandulo yanga ya sabata,
ndinavomera.

Kuno ku Namwera netiweki imazembera ku Mozambiki masana.
Foni ndinaikhazika pazenera,
pamwamba pa bokosi la magolovesi,
ndipo kamzere kanakwawa, kanaima, kanakwawanso,
mpaka tiyi wanga anazizira.

Kachida kake nkopanda ulemerero: zipinda ziwiri.
Pamwamba utchera msampha,
pansi uthira mayina,
wogwidwa amayaka chikasu.

Ndinayamba mwadyera.
A.*tu
Kadontho ndi aliyense. Kanyenyezi sikakhuta.
Kanagwira a Asiyatu onse, inde,
koma kanagwiranso "Abwere Lachitatu"
m'mizere mazana awiri.
Chipatala chonse chinayaka.
Ndinaseka ndekha mpaka mlonda anasuzumira.

Ndiye ndinamanga mfundo pang'onopang'ono.
As+i?y?atu
Kamtanda kakuti s akhale mmodzi, achuluke, palibe mlandu.
Koma chizindikiro cha funso
ndicho chinandiimitsa chala m'mwamba.
Chikuti: akhalepo, asakhalepo,
dzina ndi lomwelo.

Jafali ali ku Joni chaka chachinayi.
Nambala yake imalira, mwezi wina siilira.
Pa fomu iliyonse ndimachonga "wokwatiwa"
ndipo palibe kompyuta imene inakanapo.

Anayi anayaka. Anayi okha.
Ndinawasonkhanitsa mu mzere umodzi,
katemera wa mwana anakwanira bwinobwino.

Lachisanu Twaibu anati disiki yadzaza,
chotsani zomwe mwathana nazo.
Kubwera kunatenga masana onse,
kuchoka masekondi atatu.
Sanatsanzike.
Otsala aja, alamu ndi adzukulu,
apt anawandandalika pa sikirini:
awa anabwera chifukwa cha mnzawo,
pano palibe akuwafuna.
Mzere wina umodzi, nawonso anapita.
Ndinadabwa kupepuka kwake.

Koma pokonza mafoda ndinapeza kafayilo
kobisala kuseri kwa kadontho,
kosalemera ngakhale njere ya therere.
Mkati mwake msampha wanga womaliza,
mafunso awiri aja atakhala moyandikana.
Mwini wake kulibe, iko kakudikira.
Kunyumba nsapato za ku Juma zili pansi pa bedi,
ndimazisuntha posesa, ndimazibwezera.

Twaibu akuti kafufuteni pamanja, nkosavuta.
Ndati ndamva.

Lachitatu Asiyatu anabweradi,
mwana kumbuyo, khadi m'pepala la shuga.
Ndinamufunsa: mayi, dzina lanu timalemba bwanji,
pali y kapena palibe?
Anayang'ana kompyuta, anandiyang'ana ine,
anakokera chitenje paphewa.
Lembani mmene mwakondera, anatero,
mukaitana ndimva.

Anamupachika mwana pa sikelo,
muvi unagwedezeka,
unaima pa makilo asanu ndi anayi.
Ndinalemba kamodzi.