Usiku ku Luwinga

Munthu wina ku Limbe, nkhope yake sindiidziwa,
wadina batani asanaweruke,
ndipo kuno ku Luwinga macheka adzuka okha.
Matabwa mazana anayi a zitseko za sukulu.
Palibe waimba foni, palibe wakuwa.
Nambala yangoyenda pa waya mumdima
ngati mphekesera ya mumsika wa Zigwagwa,
yafika kosungira katundu, yafika kwa owerengera ndalama,
yadzutsa dalaivala wogona m'lole pa Jenda.

Ine Temwanani, mwana wa a Zgambo,
ndakhala pa mpando wozungulira, majuzi awiri,
nkhungu ya Juni ikunyambita zenera.
Ntchito yanga n'kuyang'ana timabokosi tobiriwira.
Tikafiira ndiimirire. Basi.

Bambo anagwira pano zaka makumi awiri ndi zitatu,
pensulo kukhutu, kope lothimbirira m'thumba la ovolosi.
Ankagogoda thabwa ndi chala n'kunena:
la paini ili likadali ndi madzi, lisiyeni.
Lero kachipangizo konga njere ya nyemba
kamanena zomwezo usanaphethire,
ndipo ku likulu amamva ine ndisanamve.
Kampani yonse yasanduka thupi limodzi:
ukapunthwa chala ku Mzuzu,
pakamwa pa ku Blantyre pakuti mayo.

Koma dzana, cha m'ma thuu koloko,
makina achitatu analira mwachilendo,
kamawu kochepa, ngati khanda lobanika m'tulo.
Sikirini inati zonse zili bwino.
Ndinazimitsa ndi dzanja langali.
Mphindi zinayi zisanathe uthenga unagwa:
Mzere wachitatu waima. Chifukwa?
Mayankho oti ndisankhepo analipo asanu ndi limodzi.
Panalibe lakuti "ndamva ndi khutu la bambo anga."
Ndinasankha "zina."

A Chavula atabwera m'mawa ndi sipanala
anapeza bering'i itatsala pang'ono kusweka.
Sananene kanthu.
Anangondibenthulira chinangwa chawo chootcha.

Lipoti la mwezi lidzati: mphindi makumi anayi zotayika,
dzina langa pambali pake.

Kukacha ndikwera sakramento kubwerera ku Chibavi,
utuchi m'tsitsi, maso akulemera,
ndipo bambo pakhonde, wailesi pamwendo,
asanandifunse n'komwe ngati ndadya,
adzatsitsa mawu a wailesiyo n'kuti:
"Kodi achitatu aja akutsokomolabe?"