Tsamba Limodzi Pakati pa Belo

Anandituma ndi kope, wotchi ya chingwe
ndi ndalama ya basi yobwerera Lamulungu.
Akuti ku koleji ya aphunzitsi ku Kasungu
kuli mnyamata wotchinga kumbuyo, dzina lake Chiletso,
ukamuone, udzatiuze ngati n'ngogula.

N'ngogula. Mawu amenewa ndinakula nawo.
Bambo anga ankaperekeza mabelo pa Chinkhoma,
wogula ankasolola tsamba limodzi pakati,
kulinunkhiza, kulikwinya m'manja,
n'kulemba mtengo wa thukuta la chaka chonse
asanameze ndi malovu omwe.
Lero wosolola tsamba uja ndine.

Ndakhala pa njerwa m'mbali mwa bwalo,
bondo langa lamanzere lili chiwongolere
monga lakhalira zaka khumi ndi zinayi.
Fumbi la Okutobala likulowa m'mano.

Ndalemba: wamtali, mapewa ofuna goli la ng'ombe.
Ndalemba: mpira wam'mwamba ndi wake, sachita kupempha,
akadumpha anzake amangowerenga mano a nsapato zake.
Liwiro lake ndinadina wotchi kawiri,
koyamba ndinayesa chala changa chanama.

Koma ndalembanso izi, cholembera chikulemera:
phazi lamanzere ndi mlendo pathupi pake,
amangoliyendera.
Mpira ukamudutsa amatembenuka
ngati ngolo yodzaza chimanga pa mlatho wopapatiza.
Amakhulupirira chiuno cha mdani.
Kamnyamata ka jezi yofiira kamudyetsa njomba katatu,
njomba yake yomweyomweyo.
Ku ligi yaikulu kachitatu kulibe.
Kachiwiri uli kale pa benchi,
wailesi ikutafuna dzina lako mpaka ku Nsanje.

Ndiye itakwana mphindi ya makumi asanu ndi awiri,
atagoletsedwa ziwiri, ochemerera atayamba kubalalika
kutsata mthunzi ndi ogulitsa mafilizesi,
ndinaona chimene fomu yanga ilibe bokosi lake.
Anasuntha mapazi atatu kumanja
mwini mpira asanadziwe n'komwe kuti auponya kumeneko.
Mpira unamupeza atayima, ngati anapangana.
Sanakondwere. Anangoloza mnzake malo oyima,
mawu ake otsika, omveka,
a munthu wozolowera kuti akayankhula ana akhale chete.
Anabwerezanso kanayi.
Zimenezi sindinaphunzitsidwe kuziyeza,
wotchi siizimva.

Atatha masewero anabwera yekha,
nsapato zili m'khosi, magazi pang'ono pa msongolo.
Anagwira dzanja langa ndi manja awiri.
M'zikhadabo zake munali choko cha dzana.
Akuti akuyeserera ntchito ku Chamama,
ana makumi asanu ndi anayi, sitandade folo,
ena mpaka pano dzina lawo amalemba chobwerera.
Mayeso omaliza ali mu Julayi.

Kenako anafunsa, maso ali pa bondo langa,
osati pa kope:
Akulu, ndisiye choko?

Ndikanamuuza za nyumba ya timu, mabedi asanu ndi limodzi,
za malipiro obwera ngati mvula ya Novembala,
za Loweruka lina pamene bwalo lonse linayimba dzina langa
ndipo mpaka lero ndimalimvabe ndikatseka maso.
Ndikanamuuza kuti kontirakiti ndi chaka chimodzi
koma mtsempha ndi sekondi imodzi.
Zonse ziwiri n'zoona, sindidziwa cholemera.
Ndinangoti: limbitsa lamanzerelo, uzimenya pakhoma m'mawa.

Tsopano basi yadutsa pa Chinkhoma,
phiri la Kasungu latsala m'galasi, likucheperachepera.
Pansi pa fomu pali mabokosi awiri, Inde ndi Ayi,
aang'ono moti nyerere singatembenukemo.
Ndalemba kunja kwake, m'mphepete mwa pepala:
Mutengeni, koma mumudikire alembe mayeso.

Ndikuwadziwa amene anandituma.
Msika wa osewera utsekedwa mwezi wa mawa.
Adzawerenga mawu oyamba okha,
monga ankachitira wogula uja,
tsamba limodzi,
belo lonse n'kuliponya pa lole.