Maminitsi a Lachinayi

Ntchito yanga ndi kulemba zonena ena.
Sindivota. Ndimakhala kumapeto kwa tebulo
pafupi ndi ndowa yotchera madzi a padenga,
ndipo kuno ku Valdivia mvula sidziwa kutsanzika.

Mfundo yachitatu: nyumba yakale ya maphunziro a zomera.
Igwe kapena ikhale.

Anayamba ndi injiniya Maturana, pepala kumanja.
Mng'alu wa khoma lakumpoto, akuti,
chaka chatha unkangolowa ndalama yachitsulo,
lero ukulowa chala.
"Nthaka ya kuno sigona tulo tatitali.
Ikadzatembenukanso, mukufuna idzapeze ana angati m'katimo?"
Ndinalemba: chala.

Pulofesa Ulloa anaimirira pang'onopang'ono
ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza.
Akuti matabwa a makwerero aja ndi a mtengo
umene lero ukaudula ndi mlandu.
Akuti chivomezi chachikulu chija chitagwetsa theka la tauni
nyumbayi inangotsokomola fumbi, basi.
Akuti kuchipinda chapansi kuli masamba ouma zikwizikwi,
lililonse ndi dzina lake, ndi dzina la amene analithyola,
ndipo ena mwa othyolawo anatengedwa usiku ndi asilikali,
chotsala chawo ndi inki yomweyo.
Apa cholembera changa chinaima.
Ndowa inati tho.
Tho.

Kenako Rayén Catrileo, woimira ophunzira,
anasendeza chikuku chake mpaka chinagunda tebulo.
"Makwerero okongolawo ine ndimawadziwira pansi.
Alipo makumi awiri ndi atatu.
Zaka zitatu ndakhala ndikuwawerenga
anzanga anayi atandinyamula ngati thumba la mbatata,
ine n'kumaseka kuti iwo asachite manyazi.
Mukamati nyumbayi imakumbukira,
imakumbukira ndani?"
Palibe anayankha.
Ndinalemba: palibe anayankha.
Wapampando anasuzumira nati ndifufute.

Za ndalama zinadya ola lathunthu.
Kukonza n'kodula kuposa kugwetsa,
kugwetsa n'kodula kuposa kudikira,
ndipo kudikira, anatero msungichuma akupukuta magalasi,
n'kwaulere
mpaka tsiku limene kudzatilipiritse zonse pamodzi.
Wina anati tisunge khoma lakumaso lokha,
kumbuyoko timange zagalasi.
Ulloa anati kumeneko n'kuveka mtembo tayi.
Rayén anaseka. Ndi iye yekha anaseka,
ndipo mkuluyo anamuyang'ana ngati akufuna kumuthokoza.

Manja m'mwamba: asanu uku, asanu uko.
Amati mutu umodzi susenza denga,
koma lero mitu khumi yangoliyang'ana likudontha.
Nkhani yapita ku komiti ina, mwezi wa mawa.

Zimene sindinalembe ndi izi.
Popita kokwerera basi ndimadutsa m'nyumbamo
chifukwa njira yake ndi yachidule
komanso mumanunkhira sera ndi malaya onyowa,
fungo limene ndinalipeza ndili mtsikana wongoyamba ntchito.
Madzulo ano ndinaima pa khoma lakumpoto
n'kupisa chala mumng'alu muja.
Chinalowa mpaka pa mphete.
M'katimo munali mozizira, ndi kamphepo kotuluka
ngati mpweya wa munthu wogona.

Ndinawerenganso makwerero.
Ndinapeza makumi awiri ndi awiri.
Nditabwereza ndinaona kuti loyamba lija,
lalifupi, limene phazi langa sililiona n'komwe,
ndinali nditalidumpha.